Mwasankhidwa Kukaphunzira Geography: Zochita Sukulu Isanatsegulire

Kuchokera tsiku limene a National Council for Higher Education atulutsa mayina kufika tsiku lotsegulira sukulu pamadutsa nthawi ndithu. Ambiri amaithera posaka fizi, matiresi ndi chipinda ku Chikanda kapena ku Luwinga, ndipo m'pomveka. Koma chimene chimagwetsa ophunzira a Geography chaka choyamba si matiresi. Ku sekondale phunziroli munthu amalikhoza poloweza mitundu ya miyala, mayina a mphepo ndi mbewu za m'mayiko a eni. Ku yunivesite amakupatsani mapu, tepi ndi manambala odzaza tsamba, n'kukuuzani kuti muyeze, muwerengetsere, kenako mufotokoze chifukwa chake zili choncho. Wopata poyinti imodzi pa MSCE akhoza kungoti kakasi pa practical yoyamba ngati sanagwirepo rula pa mapu. Nthawi yodikirayi ndi yoti manja azolowere kuyeza.

Khomo limene mwalowera

Werengani bwino dzina la pulogalamu yanu, chifukwa Geography ili ndi makomo angapo. Ku University of Malawi ku Zomba ndi ku Mzuzu University ena amaifikira kudzera ku sayansi, ena kudzera ku uphunzitsi. Ku MUST, ku Thyolo, kuli mapulogalamu a zanyengo, a miyala, a ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi a mapu a pakompyuta. Ku MUBAS, ku Blantyre, kuli oyeza malo ndi okonza mapulani a mizinda. Onsewa amamwa pachitsime chimodzi, koma chaka choyamba chimasiyana. Wa sayansi ayembekezere Masamu ndi maphunziro ena a sayansi pambali pa Geography; wa uphunzitsi adzakhala ndi maphunziro a kaphunzitsidwe ndi phunziro lachiwiri lodzaphunzitsa. Kosi yapambali mukailephera imakubwezani m'mbuyo chimodzimodzi ngati kosi yaikulu, ndiye musataye makope anu a Masamu a Fomu 3 ndi 4.

Za mapepala n'zachidule. Satifiketi ya MSCE kapena chikalata cha zotsatira, chiphaso cha unzika, kalata yokuitanani, zithunzi zazing'ono ndi malisiti a kubanki, zonse zikhale mu envelopu imodzi ya pulasitiki, ndipo chilichonse muchijambule pafoni. Dzina likhale lolembedwa mofanana pa mapepala onse. Chilembo chimodzi chikasiyana mudzayenda maofesi sabata yathunthu. Ngongole ya ku Higher Education Students' Loans and Grants Board ili ndi tsiku lake lotsekera, losadalira tsiku limene sukulu yanu itsegulire, ndipo ndalama zake sizifika tsiku loyamba. Pitani ndi ya chakudya ya mwezi woyamba m'thumba.

Mapu a 1:50,000

Apa ndiye pofunika kukhalitsa. Pezani mapu a 1:50,000 a dera limene mukulidziwa ndi mapazi. Amene amawasunga ndi a Department of Surveys, koma masukulu ambiri a sekondale ali nawo m'kabati, ndipo mphunzitsi wanu wakale sangakukanizeni kubwereka. Pa mapu amenewa sentimita imodzi ndi mamita 500, masentimita awiri ndi kilomita imodzi, ndipo kabokosi kalikonse ka mizere yopingasana ndi sikweya kilomita imodzi, kutanthauza mahekitala 100. Izi zikhale m'mutu ngati dzina lanu.

Yesani kupeza mtunda wa msewu wokhotakhota. Yalani ulusi motsata msewuwo, muuwongole pa rula, masentimitawo muwagawe ndi 2. Kenako yendani msewu womwewo ndi foni kuti muone ngati zikugwirizana. Zikasiyana kwambiri, yambani mwakayikira pepalalo. Mapu ochita fotokope kuchokera pa A3 kupita pa A4 amachepa kufika pafupifupi 71 peresenti, koma mawu akuti 1:50,000 amakhalabe pomwepo, akunama. Chimene chimachepa limodzi ndi mapu ndi kamzere ka sikelo kam'munsi kaja, choncho pa fotokope muziyezera pamenepo.

Mizere ya contour imalumikiza malo ofanana kutalika kwake kuchokera pa nyanja yamchere. Ikathithikana ndiye kuti potsetsereka m'poopsa, ikatalikirana ndi pachidikha. Ikamadutsa mtsinje imapanga V yoloza kumene madzi akuchokera, ndipo kameneka kokha kangakuuzeni kumene mtsinje ukulowera popanda muvi. Musanawerenge msinkhu uliwonse onani m'mphepete mwa mapu ngati mizereyo ili m'mamita kapena m'mafiti, chifukwa mapu ena akale ali m'mafiti. Fiti imodzi ndi mamita 0.3048. Mukadutsa mipata 10 ya mafiti 50 mwakwera mafiti 500, omwe ndi mamita 152 okha. Mukawatenga ngati mamita, phiri lanu latalika kuposa katatu. Kutsetsereka mumakupeza pogawa kukwera ndi mtunda, zonse m'mamita: mukakwera mamita 100 pa masentimita 4 a pamapu, mtundawo ndi mamita 2,000, ndiye kutsetsereka ndi 1 pa 20, kapena 5 peresenti. Ambiri amaphonya chifukwa chogawa mamita ndi masentimita.

Polemba grid reference, manambala oloza malo pa mizere yopingasana ija, mumayamba ndi manambala opita kum'mawa, kenako opita kumpoto. Manambala anayi amakuikani m'kabokosi ka kilomita imodzi, asanu ndi limodzi amakufikitsani pafupi ndi mamita 100. Mukasinthanitsa, simulandira theka la malikisi. Mwaloza malo ena basi. Pomaliza jambulani cross-section, chithunzi cha kukwera ndi kutsika kwa malo mukawaonera cham'mbali: ikani mphepete mwa pepala pa mzere wochokera pamwamba pa phiri kukafika kumtsinje, chongani paliponse pamene contour yadutsa, musamutsire pa pepala la magirafu. Chitani katatu kapena kanayi pa malo osiyana kufikira diso litayamba kuona chigwa ndi chitunda mizere isanawerengedwe.

Malo anu pa dziko lapansi

Foni iliyonse yamakono ili ndi GPS, ndipo GPS sifuna bandulo kapena netiweki. Imamvera ma setilaiti. Pabwalo poyera imaphonya ndi mamita ochepa, pansi pa mitengo yowirira kapena pakati pa nyumba zazitali imaphonya kwambiri, ndipo msinkhu wa malo umene imapereka ndi wosadalirika kuposa latitude ndi longitude. Imani pamalo amodzi mphindi imodzi manambala akhazikike musanalembe.

Phunzirani kusintha madigiri ndi maminitsi kukhala madesimo. Zomba ili pafupi ndi 15°23′ kummwera, 35°19′ kum'mawa. Maminitsi mumagawa ndi 60: 23 kugawa ndi 60 ndi 0.383, ndiye latitude ndi 15.383, osati 15.23. Kusiyana kwa manambala awiriwa ndi makilomita pafupifupi 17 pansi, chifukwa digiri imodzi ya latitude ndi makilomita pafupifupi 111. Malawi yense ali kummwera kwa equator, choncho pakompyuta latitude imalembedwa ndi minus: -15.383. Mukaiwala minusiyo, kadontho kanu ka Zomba kakagwera ku Sudan. Mukasinthanitsa latitude ndi longitude, kakagwera m'nyanja ya Atlantic kufupi ndi Morocco. Lekichala aliyense wa GIS, phunziro la mapu a pakompyuta, amaona zimenezi chaka ndi chaka, ndipo yankho lake n'lakuti kompyuta ikafunsa X ndi Y, X ndi longitude, Y ndi latitude.

Pali chinanso chimene chimasokoneza ngakhale a chaka chachitatu. GPS imagwiritsa ntchito maziko otchedwa WGS 84, pamene mapu akale a dziko lino anajambulidwa pa maziko a Arc. Malo amodzimodzi amakhala ndi manambala osiyana pa maziko awiriwa, ndipo kusiyanako kumafika mamita mazana angapo. Mukaona mjigo umene munayeza ndi foni wagwera tsidya lina la mtsinje pa mapu akale, foni sinaname ndipo mapu sananame. Simunauze kompyuta maziko a chilichonse. Maziko amalembedwa m'mphepete mwa mapu, tizilembo ting'onoting'ono timene anthu sawerenga.

Masamu amene mudzawafune

Si masamu ozama, koma ayenera kubwera msanga. Maperesenti, ma ratio, kusintha mayunitsi, trigonometry ya Fomu 3, magirafu, ndi chiyambi cha statistics. Yeserani pa manambala enieni a dziko lino. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, pamene wa 2008 anapeza 13 miliyoni, ndipo chiwerengero chinkakwera ndi 2.9 peresenti pachaka. Gawani 70 ndi 2.9, mupeza kuti pa liwiro limenelo anthu amawirikiza kawiri m'zaka pafupifupi 24. Tsopano pezani kuchulukana kwa anthu pa sikweya kilomita. Dziko lonse ndi masikweya kilomita 118,484, ndipo mukagawa ndi nambala imeneyi mupeza 148. A National Statistical Office analengeza 186. Iwo sanalakwitse: anagawa ndi mtunda wokha, masikweya kilomita pafupifupi 94,000, chifukwa pa nyanja sipamangidwa nyumba. Mafunso ambiri a Geography ali choncho. Kuwerengetsera n'kosavuta, chovuta n'kudziwa nambala yoyenera kukhala pansi pa mzere.

Dziwaninso kusiyana kwa mean ndi median. Mabanja asanu ali ndi minda ya mahekitala 0.5, 0.5, 1, 1 ndi 12. Mean ndi mahekitala 3, malo amene mabanja anayi mwa asanuwo sanawaonepo n'kutulo komwe. Median ndi hekitala imodzi, ndipo ndi imene ikunena zoona za mudziwo. M'maboma a maesiteti ngati Thyolo ndi Mulanje, munthu wodalira mean yokha amalemba lipoti lonamiza. Mukatha apa werenganiko za standard deviation ndi correlation, kungoti mawuwo asakhale achilendo.

Kompyuta

Ngati pali ndalama ya laputopu, yang'anani zinthu zitatu: RAM yosachepera 8 GB, diski ya SSD yosachepera 256 GB, ndi batire yosunga moto, chifukwa magetsi akazima asainimenti sidikira. Yakale yabwino iposa yatsopano yofooka. Chromebook ndi tabuleti zisiyeni. Mapulogalamu a mapu amene mudzagwiritse ntchito m'kalasi salowamo bwinobwino. Gulaninso mouse, pakuti kujambula malire a munda ndi chala pa touchpad n'kudzizunza. Ngati laputopu palibe, musagwe mphwayi, ma lab alipo, koma fulashi ikhalepo ndipo mafayilo anu azikhala malo awiri nthawi zonse.

Ikanimo QGIS, pulogalamu yojambulira mapu yomwe ndi yaulere, ndipo sankhani imene yalembedwa kuti LTR chifukwa siivutavuta. Inzake ya ArcGIS ndi yolipira. Musagule yakuba pamsika, mudzaigwiritsa ntchito ku lab ngati sukulu ili nayo. Google Earth Pro nayonso ndi yaulere, ndipo ili ndi kabatani ka wotchi kobweza zithunzi zaka zam'mbuyo. Tsegulani phiri la Ndirande, nkhalango ya Dzalanyama kapena nyanja ya Chilwa, mubweze zaka, muone mitengo ikutha ndi madzi akubwerera m'mbuyo. Zithunzi za ma setilaiti a Landsat, zimene zinayamba kujambulidwa mu 1972, ndi zaulere, ndipo kadontho kamodzi pa zithunzi zamakono ndi mamita 30. Za Sentinel-2 zimafika mamita 10. Mafayilo ake ndi olemera, ndiye dikirani Wi-Fi ya kusukulu.

Ntchito yoyamba ikhale yaing'ono. Tengani madontho khumi ndi foni: mjigo, chigayo, tchalitchi, mzikiti, sukulu, mlatho. Alembeni mu Excel, mzere umodzi wotsika dzina, wina latitude, wina longitude, musunge ngati CSV, mulowetse mu QGIS pamwamba pa OpenStreetMap, mapu aulere a pa intaneti. Mapu anu akhale ndi mutu, sikelo, muvi woloza kumpoto, kiyi, ndi kumene deta yachokera. Chimodzi chikasowa malikisi amachoka. Mukafuna kuyeza mtunda kapena kukula kwa malo, musayezere m'madigiri. Mu QGIS sinthani kuchoka pa EPSG:4326, yomwe imayeza m'madigiri, kupita pa EPSG:32736, yomwe imayeza m'mamita ndipo ndi UTM zone 36 South, ndipo Malawi yense amakwana m'menemo. Dziwaninso kuti shapefile, mtundu wa fayilo yosungiramo mapu, si fayilo imodzi. Pali .shp, .shx, .dbf ndi .prj, ndipo zimayenda pamodzi. Mukatumizira mnzanu .shp yokha pa WhatsApp siitseguka, ndipo .prj ikasowa kompyuta sidziwa kumene mapuwo ali pa dziko lapansi. Muziika zonse mu zip.

Kwanu komweko ndi lab

Gulani kope lachikuto cholimba ndi mapensulo. Inki imasungunuka ikanyowa. Tsamba lililonse liyambe ndi tsiku, nthawi, malo ndi mmene kunja kunachera. Zimene mwaona zilembedwe padera, zimene mukuganiza padera. Yezani mamita 100 ndi tepi kapena chingwe, muyende kangapo mukuwerenga mapazi, mupeze nambala yanu. Idzakuthandizani tsiku limene tepi ili ndi gulu lina.

Ngati ndi nthawi ya dzinja, yezani mvula. Chitini chowongoka, chofanana kukamwa ndi pansi, chiikeni poyera kutali ndi denga ndi mitengo, ndipo muziyeza ndi rula 8 koloko m'mawa tsiku lililonse n'kukhuthula. Botolo lopapatiza kukhosi limanamiza, ndipo chitini chosiyidwa mpaka madzulo chimataya madzi ndi dzuwa. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi pa sikweya mita. Denga la masikweya mita 50 likalandira mamilimita 20 lakhetsa malita 1,000, zigubu 50 za malita 20. Werengerani chimodzimodzi pa phiri lonse, mumvetsa chifukwa chake napolo anasesa Zomba mu 1946 ndi Phalombe mu 1991, ndi chifukwa chake namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anapha anthu ambiri m'munsi mwa phiri la Soche.

Kamtsinje kakang'ono kofika m'mawondo mukhoza kukayeza nokha. Pezani pamalo powongoka, yezani mulifupi, yezani kuya malo asanu modutsa, mupeze pakatikati. Mulifupi mamita 4 ndi kuya mamita 0.3 zikupatsani masikweya mita 1.2. Ponyani chitsononkho kapena lalanje, muwerenge masekondi amene chatenga kuyenda mamita 10, ndipo bwerezani katatu. Chikatenga masekondi 20, liwiro ndi mamita 0.5 pa sekondi. Madzi apamwamba amathamanga kuposa apansi amene akukhuzana ndi miyala, ndiye chulukitsani ndi 0.8, mupeza 0.4. Pamenepo pakudutsa makiyubiki mita 0.48 pa sekondi, omwe ndi malita 480. Musalowe mumtsinje wodzaza kapena kumtunda kukagwa mvula, valani jombo chifukwa cha likodzo, ndipo kuchigwa cha Shire funsani eni dera za ng'ona musanaponde m'madzi.

Dothi nalo ligwireni. Linyowetseni pang'ono n'kulifinya pakati pa chala chachikulu ndi cholozera. Lamchenga limanyenyeka, la katondo limagwirana pang'ono, la makande limatuluka ngati kalamba kakatali kosaduka. Tsatirani kuchokera kumtunda kutsikira kudambo, muone pamene mtundu ukusinthira kuchoka pofiira kupita pakuda, ndi zimene anthu abzala pamalo aliwonse. Mayina amene agogo anu amatchula dothi, mphepo ndi mvula muwalembe. Mwera, mpoto ndi chiperoni mudzazipeza m'mabuku a kalasi, ndipo amene anaziona ali ndi poyambira.

Ulemu wa m'mudzi ndi mbali ya ntchitoyi. Munthu woyenda ndi tepi ndi kope m'minda ya eni amaoneka ngati wodzalanda malo. Yambani mwaonekera kwa amfumu, nenani chimene mwadzera ndi kumene zolembazo zipite. Kumanda ndi kudambwe sikulowedwa ngakhale GPS ikulozera komweko, zungulirani. Musajambule munthu kapena nyumba yake osapempha, ndipo musalonjeze thandizo limene mulibe pofuna kuti akuyankheni mafunso. Magulu obwera pambuyo panu ndi amene amadzalipira bodza limenelo.

Kuwerenga ndi kulemba

Mafunso a ku yunivesite sati "tchulani". Amati "kambiranani" kapena "unikani", ndipo amafuna mbali ziwiri. Chitsanzo chimene mudzakumane nacho msanga ndi mkangano wa chiwerengero cha anthu ndi chakudya. Malthus mu 1798 ankati anthu amachulukana mofulumira kuposa chakudya, ndipo mathero ake ndi njala. Ester Boserup mu 1965 anati kuchulukana kumakakamiza alimi kupeza njira zokololera zambiri pa malo ochepa. Yesani kulemba masamba awiri poyerekeza maganizo awiriwa ndi zimene mumaona kwanu: minda ikuchepa, madimba akuchuluka, achinyamata akupita ku Joni. Ndime iliyonse ikhale ndi mfundo imodzi, umboni wake, ndi kumene umboniwo mwautenga. Kukopera ndime pa intaneti kapena kwa mnzanu osatchula mwini wake ndi mlandu umene umachotsetsa sukulu, ndipo amakugwirani mosavuta kuposa mmene mukuganizira.

Lipoti la kalembera wa 2018 likupezeka laulere pa intaneti. Tsegulani matebulo a boma lanu, muzolowere kuwerenga tebulo kuyambira pa mutu ndi mayunitsi musanathamangire manambala. Tsatiraninso malipoti a Department of Climate Change and Meteorological Services, makamaka ulosi wa dzinja umene umatuluka mvula isanayambe, n'kumayerekeza ndi zimene chitini chanu chikuonetsa.

Ponyamula katundu, pambali pa zofunda ndi mapoto, muikemo rula ya masentimita 30, protractor, kampasi ya masamu, kakyuleta ya sayansi, mapepala a magirafu, mapensulo amitundu, nsapato zotseka zolimba kuphazi, chipewa, chovala cha mvula ndi juzi. Juziyo musaiseke. Kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, ndipo kuchoka mu tauni ya Zomba kukafika pamwamba pa phiri ndi kukwera pafupifupi kotero. Ku Mzuzu mu Juni ndiye simufunikanso kukwera phiri. Kampasi yoloza kumpoto ndi GPS yam'manja musagule, dipatimenti imabwereketsa. Sabata yoyamba tengani course outline ya kosi iliyonse, muone malikisi amene ali pa ma practical ndi ma asainimenti, mufunsenso masiku a maulendo a kafukufuku ndi ndalama imene ophunzira amasonkha, kuti muipatule ndalama yanu ya upkeep, yodyera ndi yogonera, isanathe.